Zimene Sungeni Ankakumbuka

Mukamufunsa munthu kuti chinthu choyamba chimene amakumbuka pamoyo wake n'chiyani, wina amati tsiku limene anapsa ndi phala, wina amati galu amene anam'thamangitsa mpaka kugwera m'ngalande. Ambiri amangonena zimene anauzidwa ndi amayi awo n'kuzisandutsa zawo. Kuseri kwa pamenepo kumakhala mdima, ndipo mdimawo sunaikidwepo pachabe. Dorika wa kuchigwa cha Bwanje anazidziwa zimenezi chaka chimene mwana wake Sungeni anakwanitsa zaka zinayi.

Zinayamba ndi mkangano wopanda mutu. Anali pakhonde masana akutonola chimanga, iye ndi mwamuna wake Yotamu. Yotamu ndi munthu woti pakamwa pakayamba kuthamanga manja amaima, ndipo tsiku limeneli anayambanso nkhani yake ija ya mlatho. Ankati amakumbuka bwinobwino mmene madzi anakokololera mlatho wa kwawo, iye ali kumbuyo kwa amayi ake, ali ndi miyezi sikisi yokha. Ankati anaona ndi maso ake ng'ombe ikupita ndi madzi miyendo ili m'mwamba. Chaka chatha ng'ombeyo inali imodzi. Tsiku limeneli zinali zitatu, ndi ngolo yomwe.

"Bambo ake Sungeni, munthu wa miyezi sikisi amadziwa bere basi," anatero Dorika. "Zimenezo munamva kwa amayi anu. Tonolani chimangacho."

Yotamu anati mitu imasiyana, ina imasunga zinthu kuyambira kale. Dorika anati mutu wosunga mlatho ukanasunganso malo amene unasiya chikwanje dzulo. Anamuuza kuti iye choyamba chimene amakumbuka ndi tambala amene anam'tsomphola mbatata m'manja, ndipo anali ndi zaka zinayi, chifukwa chaka chomwecho m'pamene mlongo wake anabadwa. Kumbuyo kwa tambala uja kulibe kanthu. Ndipo anthu onse oona mtima ali choncho.

Sungeni anali pansi pa khonde akusewera ndi zitsononkho. Anali atagoneka ziwiri moyandikana n'kuzifunditsa kansanza. Osadzutsa mutu anati, "Inenso ndimakumbuka. Tinkagona awiri pamphasa. Mnzangayo ankazizira mapazi."

Chimanga chinaleka kugwera m'lichero.

Apa muyenera kudziwa kuti Sungeni sanabadwe yekha. Anabadwa mapasa, onse aakazi, nthawi ya dzinja. Wamng'onoyo anamwalira tsiku lachisanu ndi chimodzi, asanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe dzina. Mwana wotere akuluakulu amati nthayo. Amakamuika ndi amayi okhaokha, padzenje losazama, popanda nyimbo, ndipo make amamuletsa kulira komanso kupita nawo. Amene anatsogolera zonse anali amayi ake aakulu a Dorika, aNamaseko, amene anamulera amayi ake atamwalira. Pobwera kumeneko anasamba m'manja n'kulamula kuti wotsalayu asadzauzidwe kanthu, angamadzafune mnzake. Ndipo zaka zinayi zonsezo panalibe anatchulapo.

Choncho Dorika sanachite mantha. Anakwiya. Anadziwa kuti pali wina amene wabwebweta, ndipo sanafune kuyang'ana kutali. Mwanayo atapita kukasewera, anamutembenukira Yotamu. Yotamu analumbira, kutchula bambo ake amene ali kumanda, kuti nkhani imeneyo yokha sanaitulutsepo ngakhale ataledzera. Dorika anati munthu woonjezera ng'ombe chaka ndi chaka malumbiro ake ndi otchipa. Mawa lake anapita kumjigo n'kukafunsa amayi anzake mmodzimmodzi kuti ndani amene akucheza ndi mwana wake nkhani za akuluakulu. Anabwerako ndi ndowa yosadzaza komanso anzake awiri atasiya kumulankhula. Atafunsa aNamaseko, iwo anangoti ana amalankhula zambiri, n'kuyamba kufunafuna fodya wawo wapamphuno amene anali m'manja mwawo momwemo.

Kenako zinthu zinayamba kusowa. Choyamba chinali kakapu kapulasitiki kobiriwira kamene Sungeni ankamwera tiyi. Dorika anasesa nyumba yonse, kusuntha matumba a chimanga, kuyang'ana mpaka m'khola la mbuzi. Kenako patapata wakumanzere. Dorika anagula ena kumsika, ndipo pasanathe sabata wakumanzere anasowanso. Atagula achitatu, zinachitikanso chimodzimodzi. Akamufunsa mwanayo, ankangoti wabwereketsa. Wabwereketsa ndani? Ankangoyang'ana chala chake chakuphazi.

Chimene chinamutopetsa kwambiri Dorika chinali kadyedwe. Akamuikira phala, Sungeni ankajambula mzere ndi chala pakati pa mbale, n'kudya mbali imodzi, n'kusiya inayo. Kumunyengerera, ayi. Kumuopseza ndi kamtengo, ayi. Kuchepetsa phalalo kuti mwina amalize, ankagawabe pakati kochepa komweko. Ndipo mbali yotsalayo nkhuku sizinkaifuna. Dorika ankaitaya pabwalo, nkhuku n'kubwera mothamanga, kuima, kupendeketsa mitu, n'kubwerera.

Pogona napo, mwana amene kale ankazungulira mphasa yonse ngati chigayo tsopano ankagona m'mphepete penipeni, bulangeti lonse atalisiyira mbali yopanda munthu.

Atapita kusikelo, anapeza kuti mwanayo watsika. Mwezi wotsatira anatsikanso. Anamuyeza malungo, mulibe. Anamupatsa mankhwala a njoka zam'mimba, palibe chinasintha. Mlangizi wa zaumoyo anamukalipira Dorika pagulu, kuti amayi ena amagulitsa mtedza wonse osasiyako wothira m'phala la mwana. Dorika, amene ankasinja nsinjiro tsiku lililonse mpaka manja kutuluka matuza, anangotola khadi la mwanayo n'kuchoka. Pobwerera anabereka mwanayo ngakhale anali wamkulu woyenda yekha, ndipo anamva kuti kumsana kwake kwapepuka ngati wabereka mtolo wa udzu.

Nthawi yomweyo m'pamene phokoso lija linayamba. Dzuwa likangolowa, nkhuku zikukwera m'chitele, kuseri kwa nyumba kunkamveka dii! ngati chinthu cholemera chagwa kuchokera mumtengo. Kamodzi kokha. Dorika akathamangirako sankapeza kanthu, ngakhale fumbi lotimbuka. Yotamu anati ndi papaya. Dorika anamukumbutsa kuti mtengo wa papaya unadyedwa ndi mbuzi zake zomwe chaka chapitacho. Yotamu anati ndiye ndi papaya la kwa aneba. Koma madzulo otsatira Dorika anaona kuti mwamunayo wasuntha mpando wake kuchoka kumbali ya kuseri n'kukakhala pafupi ndi chitseko.

Sungeni yekha ndiye sankadzidzimuka. Likamveka dii! ankangotembenuka pang'ono, ngati munthu amene waitanidwa ndi dzina koma akumalizitsa kaye zimene akuchita.

Tsiku lina Dorika akuchokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu, anakumana ndi mayi wina panjira yodutsa m'minda ya thonje. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, nthaka yotentha yoti nkhuku imayenda modumpha. Mayiyo sankamudziwa, ndipo kudera kumeneko Dorika ankadziwa aliyense. Anali atamanga chitenje pachifuwa monga amachitira munthu wobereka mwana, dzanja limodzi likugwiririra kumbuyo. Anapatuka panjira mwaulemu, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Mwaswera bwanji, amake awiri?"

Dorika anayankha moni asanaganize, monga pakamwa pamachitira. Atayenda mapazi angapo m'pamene mawuwo anamufika. Palibe munthu anamuitanapo choncho chiyambire tsiku lachisanu ndi chimodzi lija. Anatembenuka ndi thumba lake lomwe. Mayiyo ankapita pang'onopang'ono cha kudambo, ndipo chitenje chakumbuyo kwake chinali lende, mopanda mwana. Kumapazi kwake kunali matope akuda, aawisi, mpaka mu akakolo. Mvula inali isanagwe kuyambira Epulo.

Dorika anakuwa kuti, "Inu mayi, ndinu a kuti?" Mayiyo sanacheuke.

Anafika kunyumba mtima uli m'mwamba, n'kupeza Yotamu ali mtulo pansi pa mtengo wa mango, wailesi ikulankhula yokha. Mwana amene anam'siyira kunalibe. Anamudzutsa ndi mawu amene sitingawabwereze pano. Yotamu anathamangira kwa aneba, koma Dorika anayang'ana pansi. Pafumbi panali mapazi aang'ono, lina la patapata, lina lopanda kanthu, kulowera njira ya kudambo. Kuseri kwa dambolo n'kumene kuli manda.

Anam'peza atatsala pang'ono kulowa m'bango. Sungeni ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lamanzere atalitambasulira kumbali, zala zitapindika ngati wagwirana ndi wina. Kumbali imeneyo udzu wouma unkagona wokha, n'kudzukanso iye akadutsa. Mphepo kunalibe.

Dorika anamugwira paphewa n'kumutembenuza mwamphamvu. Mantha onse anatuluka ngati ukali. Anamufunsa kuti akupita kuti, akufuna afe ndi njoka kapena, ndipo ndani, ndani makamaka amene wakhala akumudzaza mutu ndi nkhani zimenezi. Mwanayo anati palibe. Anati amangokumbuka.

"Munthu sakumbuka za masiku sikisi! Ngakhale bambo ako abodza aja amayambira miyezi sikisi." Dorika anagwada kuti amuyang'ane m'maso. Anaganiza zomukola, pakuti mwana uja anapita wopanda dzina, ndipo wobwebweta aliyense akanathera pomwepo. "Chabwino. Ngati ukukumbukadi, mnzakoyo dzina lake ndani?"

"Tinyade," anatero Sungeni. "Munamuuza kukhutu, mvula ikugwa padenga. Agogo anali atapita kukafuna moto. Munati asauze munthu."

Dorika anakhala pansi, paminga pomwepo, osaimva. Dzina limenelo sanalitchulepo kwa Yotamu, kapena kwa aNamaseko, ngakhale m'pemphero. Analinong'oneza kamodzi kokha, m'mawa wa tsiku lomaliza lija, ataona kuti kamwanako kasiya kuyamwa, chifukwa sanafune kuti kapite ngati kamwana ka mbuzi. M'chikutamo munali anthu atatu. Mmodzi anali iye, wina ali kuseri kwa bangolo, wachitatu ndi amene anali ataima patsogolo pakeyu.

Kenako anafunsa, mawu atatsika, kuti nanga Tinyadeyo akufuna chiyani.

"Akuti ali yekha. Anamuuza kuti amupatsa mnzake wogona naye, koma anangomuveka chipewa changa chachikasu. Ndiye akuti mwini chipewa abwere."

Zipewazo Dorika anazikumbuka. Anagula ziwiri kuti azitha kuwasiyanitsa, chachikasu cha wamkulu, choyera cha wamng'ono. Amayi aja atabwerako kokataya, anapeza Sungeni ali ndi choyera, ndipo anangoti mutu wake wasokonezeka ndi chisoni.

Anabereka mwanayo n'kuyenda naye molunjika kwa aNamaseko, akulalata njira yonse, kulalatira minga, dzuwa, Yotamu, patapata, chilichonse. Anam'siya Sungeni panja m'manja mwa bambo ake, amene anawatsatira mpaka kumeneko, n'kuwauza kuti akam'tayanso asam'peze pakhomo. Kenako analowa n'kutseka chitseko.

Pamwambo wa kumeneko, mmodzi wa mapasa akamwalira, amamuika limodzi ndi chipatso cha mvunguti, chachitali cholemera chija, atachikulunga ngati mwana. Womwalirayo amayesa kuti mnzake ali pambali pake, ndiye sabwerera kudzakoka wamoyo. Dorika anafunsa funso limodzi lokha: kodi mvunguti munaikamo?

ANamaseko anayamba ndi kutsokomola. Kenako anati mvula ya tsiku limenelo iyenso akuikumbuka. Mtsinje unali utasefukira, ndipo mtengo wa mvunguti uli kutsidya. Amayi anadikira pagombe mpaka dzuwa kupendeka, madzi osaphwa, ndipo nthayo siigona m'nyumba. Ndiye iwo anaganiza kuti chofunika ndi fungo la mnzake. Anabwerera m'chikuta Dorika ali chigonere chopenya kukhoma, n'kusinthanitsa zipewa.

"Ndinkati fungolo limukwanira, mwanawe."

"Munatenga chovala cha mwana wamoyo n'kukachiika m'manda."

"Ndinkati madzi akaphwa tidzapititsa mvungutiwo."

"Amayi, mtsinje umenewo wauma kanayi chichitikireni zimenezo. Kanayi. Ana amasewera mpira pamchenga pake. Mtengo uli apo, mukuuona muli pakhonde lanu lomwe."

ANamaseko anati chaka choyamba ankaopa kumutsegula bala. Chaka chachiwiri anaona mwana akukula bwino, n'kuti mwina zatheka. Kenako anachita manyazi. Dorika anati manyazi awowo amuonongetsa mapatapata atatu, anzake awiri a kumjigo, ndi theka la mwana wake. Anawauza kuti avale nsapato.

Yotamu ndiye anakagwetsa zipatsozo ndi nsungwi, ndipo tsiku limenelo sananene nkhani iliyonse. Chipatso choyamba chitagwa pamchenga, dii!, iye ndi Dorika anayang'anana, chifukwa phokosolo ankalidziwa. ANamaseko anatola kakang'ono, kolingana ndi khanda. Dorika anakana. Anati munthu amene akumwera m'kapu ndi kuvala patapata si khandanso, akufuna mnzake wa msinkhu wake. Anasankha chachikulu kuposa zonse. Anachikulunga m'chitenje chatsopano chimene ankasungira Khirisimasi, atafunsa kawiri ngati Sungeni anachikhudzapo. Kenako anachibereka kumbuyo.

ANamaseko anayesa kunena kuti make wa nthayo sapita kumeneko. Dorika anati zimene amayi osakhala make anachita waziona.

Anayenda awiri, dzuwa litapendeka, aNamaseko patsogolo ndi kakhasu. Atalowa m'bango, mbalame zimene zinkasokosera zinangoti zii. Dorika anamva kuti katundu wake akulemera, ndiponso akufunda, kufunda kosachokera kudzuwa. Kenako pakhosi pake, pansi pa khutu, panayamba kufika kampweya, kupita, kubweranso. Sanacheuke. Chinachake chinakoka mpango wake pang'ono.

"Khala bwino iwe," anatero, ndi mawu omwe aja amakalipira nawo Sungeni. "Ndatopa kale."

Kukokako kunaleka.

Malowo anali m'mphepete mwa manda, pansi pa chitsamba, pomwe nthaka ndi yakuda ndipo siuma. Panalibe mtumbira, panangotitimira pang'ono ngati pamene pagona galu. Pambali pake panali kakapu kobiriwira, ndi mapatapata atatu akumanzere, atandandalikidwa bwinobwino, zala zake zitaloza kumudzi.

ANamaseko anakumba pambali, mosazamitsa. Dorika anamasula chitenje, natsitsa mvungutiwo mmene amatsitsira mwana wogona, dzanja lili kumutu. Anaugoneka, naufunditsa, nakwirira ndi manja ake. Atatha anakhala chogwada, osadziwa kuti anthu amanena chiyani pamalo otere. Ndiye analankhula mmene amalankhulira kunyumba.

"Tinyade. Ndine amako. Mnzako ndi uyu ndakubweretsera, ndi wamkulu bwino, sazizira mapazi. Kapu ndakusiyira. Mapatapata ndikutenga, si ako. Sungeni umuleke adye phala lake lonse, wamva? Sindikukukana ayi. Ndinakupatsa dzina ine. Koma mmodzi yekha ndiye ndinatsala naye, ndipo sindikupatsa."

Pamenepo misozi imene anailetsa zaka zinayi inabwera yonse, ndipo analira mokweza, mmene salirira nthayo. ANamaseko anatsegula pakamwa kuti amuletse, n'kutsekanso. Anangofunsa pang'onopang'ono kuti dzina limenelo analitenga kuti. Dorika anatola mapatapata aja n'kuimirira.

Pobwerera sanacheuke. M'bango, kumbuyo kwawo, munamveka ngati munthu wamkulu akuyenda m'matope, akuchita kamluzu kotonthoza mwana, kenako mbalame zinayambiranso.

Madzulo amenewo nkhuku zinakwera m'chitele, dzuwa linalowa, ndipo Yotamu ndi Dorika anakhala pakhonde akudikira. Kuseri kwa nyumba sikunagwe kanthu. Sungeni anadya mbale yonse, napempha zina, nagona pakati pa mphasa miyendo ili uku ndi uku, bulangeti lonse atadzikulunga nalo yekha.

M'mawa Dorika potsegula chitseko kuti akasese anapeza kanthu pakhomo. Kanali kachipewa kakang'ono ngati chibakera, konyowa, kodzaza dothi lakuda. Atakapukuta ndi chala, ulusi wake unaoneka wachikasu.

Sungeni anatuluka akutikita m'maso n'kufunsa kuti kachipewako n'ka ndani. Dorika anamufunsa ngati akumukumbuka Tinyade.

"Tinyade ndani?"

"Palibe. Nanga iwe, chinthu chakalekale chimene umakumbuka n'chiyani?"

Mwanayo anaganiza, chala chili m'kamwa. "Tsiku lija munandibereka kuchokera kudambo, mukukalipa njira yonse."

"Kumbuyo kwa pamenepo?"

"Kulibe."

Dorika anati zili bwino, apite akasukusule. Kachipewako anakachapa yekha, kukayanika m'nyumba, n'kukaika pansi penipeni pa sutikesi. Sungeni lero ali kusukulu, ndi wonenepa, ndipo mukamufunsa amakuuzani motsimikiza kuti moyo wake unayamba ali kumsana kwa amayi ake akulalata. Yotamu nkhani ya mlatho anaisiya. Anthu akamufunsa amati anali mwana, sangakumbuke.